Khosi langa lawongoka

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Bondo la amayi likuti bwanji? Ine kuno ndili bwino kuposa mmene ena kumeneko angakondere.

Khosi langa lawongoka. Dzulo ndawoloka msewu nditayang'ana kutsogolo ngati munthu, osati cham'mbali ngati nkhuku yoona kabawi. Kuntchito anzanga osita zovala anaomba m'manja, abwana n'kunena kuti tsopano ndisiya kupsereza malaya a anthu. Bodza lenileni. Ndinapsereza kamodzi kokha, malayawonso anali awo.

Dokotala wa ubongo anandiuza kuti mu ubongo muli njira zimene zimalamula mnofu uwu kuti ukoke, uwo umasuke. Zanga zimalamula mopyola muyeso, ndiye mutu umapotokera kumanzere. Ena zikasokonekera amanjenjemera manja. Anandibaya jakisoni m'minofu ya m'khosi, ndipo ndizibwererako mphamvu yake ikatha.

Mukukumbukira kuti ndikagwira chibwano ndi chala khosi linkawongoka? Azakhali ankalengeza kuti ndimachita dala, ati yunivesite yandikuza mtima, sindifunanso kuyang'ana anthu osaphunzira. Nonse munavomera, ine n'kusiya sukulu poti bolodi ndinkaliyang'ana ndi khutu. Nditamufotokozera zimenezi, dokotala anaseka, nati odwala ake ambiri amatero: chala chikakhudza khungu, ubongo umalandira uthenga wina n'kuyamba wadekha. Muwauze azakhali kuti kunyada ndili nako ndithu, koma sikukhala m'khosi.

Pempho langa ndi limodzi. Alamu anandiuza pafoni kuti mwana wanu wachisamba dzanja likumapindika akagwira cholembera, koma akamachapa lili bwinobwino. Ati inu mwagamula kuti ndi ulesi, teremu ikubwerayi asapitenso kusukulu. Achimwene, musatero. Kaya ndi zangazi kaya ayi, woti anene ndi dokotala, osati lamba wanu. Sukulu ikatsekera mumukweze basi. Chipinda changa n'chaching'ono, denga limadontha pakona, koma bedi tigawana. Banja lathu linataya kale mtsikana mmodzi wanzeru, ndipo nzeru sizinachuluke pakhomopo kuti tizitaya chaka ndi chaka.

Moni kwa amayi, alamu, amalume ndi ana onse. Mwanayo mumuuze kuti polongedza asasiye mabuku.

Ndine mlongo wanu,
Wosita malaya a eni