Chala cha a Fatsani

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tonse tili bwino, ndipo chifuwa cha amayi chija chatha.

Zimene ndaona Loweruka sindikuzimvetsabe mpaka lero. Timu yathu inasewera ndi anyamata a ku Lisungwi pabwalo la kusukulu lija. Kunali chiperoni choopsa, moti golo ya mbali ina sinkaoneka ndi nkhungu. Ena amamva kutentha pothamanga, koma goloboyi amangoima, zala zili gwa. Wa ku Lisungwi, poti anazolowera kotentha, mpira unkangomupulumuka ngati sopo.

Alamu athu a Fatsani anadaka opanda magolovesi. Achemwali anawaotchera mbatatesi n'kuzikulunga m'sokosi kuseri kwa golo kuti azifunditsa manja, koma pofika chigawo chachiwiri zinali zitazizira kale. Chakumapeto, tikutsogola ndi chigoli chimodzi, penate! Mnyamata wa ku Lisungwi anaumenya mpira ngati akufuna kuboola ukonde. A Fatsani anauluka n'kuukankhira kunja ndi dzanja limodzi, basi tinapambana.

Tikuotha moto kunyumba, achemwali anakuwa: “Abambo a Chisomo, chala chanucho chatani?” Chala chaching'ono chinali chitakhotera kumbali. A Fatsani anachiyang'ana modabwa, amvekere: “Kodi n'changa chimenechi?” Achimwene, munthu anamaliza mpira ndi chala chothyoka osamva kanthu! Anayamba kubuula manja atafunda.

Kuchipatala awamanga, koma akuti akachira abwerera pagolo. Chonde, mukamabwera muwagulire magolovesi, mbatatesi tizidya.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Limbani