Chikwangwani pa Windo la Josie

Nebraska, Lachinayi, 24 Okutobala

Okondedwa Bambo,

Lolemba lapitali mphepo inaswa windo la kuchipinda kwa mdzukulu wanu Josie. Nkhani yayambira pamenepo, koma ndiyambe ndakupatsani moni. Muli bwanji ku Arizona? Chifuwa chija chikukupatsani mpata? Mankhwala mukumwa, kapena mwayambanso zija zoti madokotala onse ndi akuba? Kuno mpongozi wanu Shawna ali bwino. Josie wamera mano ena awiri, koma mphumu yake ndi yomwe ija.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni simundilola kumaliza mawu. Ine ndi cholembera mukudziwa kuti sitimvana, ndiye muwerenge modekha.

Windo lake ndi long'aluka lija munati mukonza musanasamuke. Galasi lonse linagwa, kunja kukuzizira moti madzi anali atauma m'ndowa. Ndinafunafuna chotsekera. Katoni imanyowa, thabwa ndinalibe. Kenako ndinaona chikwangwani chanu pakapinga, chija cha a Dale Rusk amene akufuna ukulu wa apolisi m'dera lino, cholembedwa kuti OBWERA AZIPITA KWAWO. N'chapulasitiki, sichilowa madzi, ndipo chinakwana ndendende ngati anachita kuyeza.

Ndinachikhomera mawu ali mkati. Shawna atachiona anati iye sangayamwitse mwana akuyang'anizana ndi zimenezo, ndichitembenuze. Ndinachitembenuza. Bambo, ndikulumbira, ine ndinkangoganiza za mphepo basi.

Windolo limayang'anana ndi la kukhitchini kwa Mayi Ofelia, aneba athu ochokera ku Guatemala aja, amene amatisungira Josie tikapita kuntchito.

Lachiwiri m'mawa ndinapita naye mwanayo ngati masiku onse. Chitseko anangotsegula pang'ono. Anandifunsa ngati ndagona bwino, poti iwo khofi amwera akuwerenga uthenga wanga. Anati chikwangwanicho chili pakapinga ankangochilambalala, podziwa kuti ndi za mdala uja amene chakudya chawo cha pa Khirisimasi ankadya mpaka kunyambita zala. Koma pawindo la mwana amene iwo amamusambitsa? Anati ndiwauze kwawoko ndi kuti, chifukwa nyumba imeneyo anagula okha, ndipo m'dziko lino avota zaka khumi ndi chimodzi. Kenako anafunsa kuti ine ndavotapo kangati. Yankho mukulidziwa.

Ndinayesa kufotokoza za mphepo. Anati mwana wanga, mphepo siidziwa kuwerenga, koma adzukulu anga amadziwa, ndipo mmodzi wafunsa kale ngati ndi Josie amene akutithamangitsa. Anamupsompsona Josie pachipumi n'kutseka chitseko.

Ndinathamanga kukachichotsa pawindo, n'kuchibwezera pakapinga. Anandiuzira pampanda kuti ayi, tsopano achiwerengera pafupi. Chikakhala chili chilili pamalo athu, mwana ndimupezere kwina.

Kwinako ndi kuti? Malo osungirako ana m'tauni muno ndi amodzi, ndipo pamndandanda wa odikira ndife a nambala 31. Shawna kuntchito kwake, kunyumba yosamalirako okalamba, masiku ake opuma anatha kale. Ndiye Lachiwiri ndi Lachitatu kufakitale ya nkhumba sindinapite. Kapitawo wathu Brent anandiimbira. Anati kampani siilera ana, ndikajombanso kamodzi ndikasiye mipeni ndi jombo zawo pageti.

Ntchito ikatha, inshuwalansi ya kuchipatala yathera pomwepo. Josie akabanika, mankhwala opopera aja ndidzawatenga kuti? Masiku awiri onsewo ndinkangoyang'ana chikwangwanicho, uku ndikumva mawu anu aja, oti nyumbayi tikhalemo, koma amene adzachizule azulenso katundu wake.

Tsopano ndikuuzeni. Dzulo madzulo ndinachizula. Ndinachicheka ndi sowo zidutswa zinayi, n'kuziponya m'bini, Mayi Ofelia akuonerera pawindo lawo. Shawna sanandituma, musamukwiyire. Ndachita ndekha.

Lero m'mawa chitseko chinatseguka. Anamulandira Josie osandiyang'ana, n'kumuuza mwanayo kuti bambo ake mutu ndi wouma ngati wa agogo ake, koma ukhoza kufewa. Amuna awo a Rigoberto anabwera ndi tepi kudzayeza windo lija. Galasi adzaika Loweruka. Nditafunsa mtengo anati ndisawatopetse, chisanu sichifunsa chipani. Pakadali pano tatseka ndi bulangeti, Josie akugona pakati pathu. Kalatayi ndikulembera kuntchito, pa nthawi ya nkhomaliro.

Za ndale sindikutsutsani, Bambo. Mumamvera wailesi tsiku lonse, ine ndinalekera sukulu panjira. Mwina a Rusk akudziwa zimene ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti pamzere wathu wodula nyama tilipo khumi ndi awiri, obadwira kuno ndife awiri. Enawo akapita kwawo, ine ndi mnzangayo nkhumba zonsezo sitingazithe, fakitale itseka. Voti yanu ndi yanu, muiponye mmene mukufunira. Koma chikwangwanicho sichingamutenge Josie m'manja mwanga 5 koloko m'mawa.

Nyumbayi ndi yanu, sindikukana. Ngati mawu aja simuwabweza, ndikungopempha kuti mutisiye mpaka Epulo, chisanu chithe. Kusamuka ndi mwana wa mphumu mu Novembala sindingakwanitse.

Lamlungu lililonse mumafuna chithunzi cha chikwangwanicho chili pakapinga. Lamlungu likubwerali chithunzi ndikutumizirani ndithu, koma chidzakhala cha Josie ali pawindo latsopano. Mukachiona muimbe. Ndidzakhala chete mpaka mumalize, kenako mundiuze ngati tiyambe kusaka makatoni.

Mupereke moni kwa azakhali a Darlene, muwauze kuti juzi anamulukira Josie ija yamukwana tsopano. Mulungu akusungeni, ndipo chifuwacho achipepuze.

Ndine mwana wanu,
Colton