Utuchi Mulibe mu Mtengo Wanu

Luwawa,
Mzimba.
21 Julayi 2024

Okondedwa achimwene a Yotam,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Blantyre kumeneko pamodzi ndi alamu ndi mwana. Kuno kukuzizira koopsa, chifunga chikumachoka dzuwa lili pamutu. Ndasankha kalata chifukwa pafoni mumandidula ndisanamalize, mumvekere muli pamsonkhano. Pepala ili simulidula, ndipo ndikuuzirenitu kuti ndakwiya nanu.

Adada sali bwino. Chifuwa chija chakula, akamapuma pachifuwa pamalira ngati kamwana ka mphaka. Makhololo tinayeza kuchipatala kwathu kuno, TB mulibe. Ndinapita nawo ku Boma, dokotala anawapima bwinobwino n'kuwafunsa ntchito yawo. Atamva kuti amacheka matabwa ku Chikangawa, anagwedeza mutu. Anati ndi mphumu yoyamba chifukwa cha utuchi, ndipo mankhwala opopera m'kamwa angowapepuza chabe. Akapitiriza kupuma fumbi lija mapapo aonongekeratu. Ine monga namwino ndinazionanso ndekha: akakhala pakhomo amapezako bwino, akabwerera ku makina ochekera matabwa amabwerako atafookeratu.

Koma Adada mukuwadziwa. Mumseu anandiuza kuti, "Dokotala uyu ndi mwana chomene, matabwa sawadziwa." Pamenepo ndi pamene ndinaganiza za ntchito yanu.

Mukukumbuka pa Khirisimasi mutabwera ndi pulogalamu ija yomwe tsopano ili mufoni ya kuchipatala kwathu? Munatikhazika pansi n'kutifotokozera kuti mkati mwake mwaikamo mtengo wa matenda, umene munati dzina lake ndi ontoloje. Munati nthenda iliyonse mwaimangirira ku zizindikiro zake, zoyambitsa zake ndi mankhwala ake, kuti munthu akadina dzina limodzi, masamba a zachipatala a pa intaneti azibwera motsata ubale, monga timalondolera pamaliro kuti uyu ndi mwana wa uje, uje anabadwa kwa uje. Adada anasangalala mpaka anaitana a Bestone, mnzawo wa kumakina, kuti adzaone. Ndiye inu, mutaona kuti anthu achuluka, munadziguguda pachifuwa n'kunena kuti palibe nthenda yomwe mtengo wanu suidziwa. Mawu amenewo Adada anawasunga ngati vesi.

Choncho ndinabwera nayo foni ija kunyumba, poganiza kuti mawu anga akana, a dokotala akana, koma a mwana wawo wamwamuna amva. Ndinadina pa mphumu iwo akuona. Panatuluka nthambi: utsi wa fodya, utsi wa nkhuni, mungu wa maluwa, ubweya wa ziweto. Ndinadina pa matenda obwera ndi ntchito. Panatuluka a m'migodi, a m'minda ya fodya, a opopera mankhwala m'mbewu. Ocheka matabwa mulibe! Ndinasakasaka thukuta likutuluka ndi kuzizira konseku.

Adada anavala magalasi awo n'kuyang'ana okha. Kenako anati, "Yayi, Tionge. Utuchi uli kuti apa? Mbwenu ulibe mlandu. Yotam akanaulemba."

Ndinawauza kuti masamba onena za utuchi alipo ambirimbiri pa intaneti, ndinawapezera limodzi n'kuwawerengera. Iwo anangokupiza dzanja. "Zimenezo walemba ndani? Ine ndikufuna za mwana wane." Ndinachita kuluma mlomo kuti ndisalire pamaso pawo, chifukwa foniyo ndinabwera nayo ndine ndi manja angawa.

Nditakulemberani pa WhatsApp munayankha kuti za matabwa munazisiyira gawo lachiwiri, ndipo nthambi yatsopano siilowa komiti isanakhale pansi. Chabwino, ntchito ili ndi malamulo ake, sindikutsutsa. Komatu pa anthu onse amene anakhala pa tebulo limenelo posankha zoti ziyambe kulowa, amene anakulira mu utuchi anali ndani? Si inu kodi? Munkachokera kusukulu n'kukathandiza kusanja matabwa, tsitsi lili mbuu. Yunifolomu yanu, fizi yanu ya ku koleji, zonse zinatuluka pa sowo ya Adada. Munakumbukira wa mumgodi amene simunamuonepo, n'kuiwala bambo anu okubalani. Ndikaganiza zimenezi mtima wanga umachita kuwira.

Ndipo chimene chandipsetsa mtima kwambiri si komiti. Ndinakupemphani kanthu kakang'ono, kuti muwaimbire Adada muwauze ndi pakamwa panu kuti mtengo uja sunathe, nthambi zina sizinamere. Inu munati, "Ndiwaimbira ndikapeza mpata." Mpata wake uti? Mukuopa kuti a Bestone akamva adzaseka kuti mwana wophunzira uja ananena zoonjeza? Asekeni! Manyazi anu ndi mapapo a Adada, cholemera n'chiti?

Nkhani ndi iyi. A Bestone apeza malo atsopano odula mapaini kumtunda kwa Chikangawa, ndipo lole ibwera kudzatenga anthu Loweruka. Adada akonza kale chikwama, bulangete amanga. Amama ayesa kulankhula, awauza kuti za amuna sazidziwa. Ine ndabisa nsapato zawo za kuntchito, angoseka n'kunena kuti akabwereka. Watsala ndinu nokha. Kalatayi ndaijambula n'kuitumiza pafoni kuti musadzanamizire positi. Nthambiyo muikemo komiti yanu ikadzuka, ithandiza ena, pakuti ocheka matabwa ndi ambiri kuno. Koma foni muimbe lero, munene kuti munalakwitsa, utuchi uli ndi mlandu.

Amama akupereka moni, akuti mbatata zakhwima, mukabwera mudzatenge. Monalisa, mwana wanga, akuti amalume asaiwale buku lija anamulonjeza. Mundiperekere moni kwa alamu, awa ndilibe nawo chifukwa.

Adada nawonso akupereka moni. Nditawauza kuti ndikukulemberani anakondwa, anati ndilembe mawu awo ndendende. Anayamba kuti, "Umuuze Yotam kuti yewo chomene, makina ake andimasula, Loweruka ine ndi..." Mpweya unawathera pamenepo, ndipo ndalemba pomwe anafika.

Ndine mlongo wanu,
Tionge