Kapulasitiki Kokandika

Loweruka, 17 Meyi 2008

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tikudzuka ndithu. Phukusi lanu lija linafika bwinobwino. Juzi ya amayi yawakwana ngati munawayeza, koma nsapato za bambo zakula pang'ono, ngakhale eni ake akuti musadandaule, phazi lawo likukulabe. Timapulasitiki toteteza galasi la kalaliki tinalimonso, ndipo nkhani yanga yagona pamenepo. Kalatayi musawerengere panjira kapena kuntchito. Mufike kaye kunyumba, mukhale pansi.

Mukudziwa ulemu umene kalaliki ali nawo m'nyumba muno. Chilandirireni kamakina ka m'manja kameneka kudepoti ya mabasi, tsiku limene ankapuma ntchito yolemba nthawi zonyamukira, bambo sanakasiyepo patali ndi thumba la malaya. Iwo ndiwo anakatcha kalaliki, koma amayi ankati ndi mkazi mnzawo, poti kokha ndi kamene kamalankhula bambo n'kumvera. Kuyambira pamene amayi anafa mbali imodzi n'kusiya kulankhula bwino, kalaliki ndiye amasunga nthawi ya mankhwala awo. Belu likalira, pagalasi pamabwera dzina la mankhwala, bambo amatulutsa kandodo kake kogogodera pagalasi n'kugogoda, basi amayi amwa. Sanaphonyepo. Munthu amene ankabweza dalaivala chifukwa chochedwa pang'ono sangachedwetse piritsi la mkazi wake.

Paja mutabwera chaka chatha munaona kuti kapulasitiki ka pagalasi kanali katakandika kwambiri. Munaseka kuti kakuoneka ngati pakhala pakupalasa nkhuku, ndipo munalonjeza kutumiza tatsopano. Bambo anati musavutike. Tonse tinaganiza kuti ndi khalidwe lawo lija lokana kugulidwira zinthu.

Tsono ine mumandidziwa. Zaka zonsezi ndikuchapa ndi kusita zovala za anthu, diso langa likaona banga kapena khwinya, mtima sukhala pansi. Lamlungu lapitalo nditabwera kudzawaona, bambo analowa kubafa n'kusiya kalaliki patebulo, chinthu chimene sachita kawirikawiri. Ndinati mwayi ndi umenewu, ndiwakonzere asanatuluke, akaone okha kukongola kwake. Ndinalowetsa chikhadabo pakona n'kumatula kakale kaja. Kanali kachikasu, kokhakhala ngati lilime la mphaka. Ndinapukuta galasi ndi kansalu kofewa, n'kuyala katsopano pang'onopang'ono, ndikukankha timatuza ta mpweya ndi khadi langa la kuntchito mpaka panalibe ndi kamodzi komwe. Ntchito inaoneka bwino, achimwene, ndinadzitama ndekha.

Nthawi yonseyi amayi anali pampando wawo pafupi ndi zenera, akundiyang'ana. Ankabuula, akugogoda supuni pamkono wa mpando mwamphamvu. Ine ndinawapatsa madzi, anakana. Ndinawakonzera pilo, anakankha dzanja langa. Ndinawauza kuti adekhe, ndatsala pang'ono kumaliza. Kenako ndinatenga kapulasitiki kakale kaja n'kukataya m'bini ya kukhitchini, iwo akuona. Ndikakumbukira maso awo nthawi imeneyo, mtima umandipweteka mpaka lero.

Bambo atatuluka anatenga kalaliki n'kumuika m'thumba osayang'ana. Ine ndinangodikira kuyamikiridwa ngati mwana amene wasesa pabwalo asanatumidwe.

Masana belu linalira. Anatulutsa kamakinako, n'kuyendetsa chala pagalasi monga amachitira nthawi zonse asanagogode ndi kandodo. Kale ndinkaganiza kuti amapukuta fumbi. Chala chinatsetsereka kuchoka kumwamba mpaka kumunsi, chinabwerera, chinazungulira m'mbali. Belu likulirabe. Anatembenuza kamakinako, anayesanso. Kandodo kanali m'mwamba, koma sanagogode.

Anafunsa motsitsa mawu kuti wakhudza kalaliki ndani. Ndinayankha monyadira kuti ndine, ndaika kapulasitiki katsopano kamene achimwene atumiza, taonani mmene pakuwalira. Ndinawauza kuti agogode pamene palembedwa mawu akuluakulu apo. Anayang'ana pagalasi, koma maso awo anali pambali pa malo amene ndinkaloza. Ndinalanda kamakinako n'kuzimitsa belu ndekha.

"Mwana wanga," anatero, "wandichotsa maso."

Achimwene, bambo sakuona. Akuti zinayamba kalekale, m'mbali mwa maso mukuda pang'onopang'ono, ndipo tsopano chatsala ndi kabowo kakang'ono pakati, ngati munthu wosuzumira pachiboo cha kiyi, nakonso kali ndi nkhungu. Zokandika zimene tinkaseka zija sizinali za ukalamba wa pulasitiki. Anazikanda dala ndi singano ya amayi. Panali kamtanda pamalo ozimitsira belu, ndi kamzere pamalo ouza kalaliki kuti mankhwala amwedwa, adzalirenso nthawi ina. Pafupi pomwepo pali malo ofufutira, n'chifukwa chake anaopa kugogoda mwachisawawa. Chala chinkapeza chizindikiro, kandodo n'kutsatira.

Ndinafunsa kuti nanga dzina la mankhwala amaliwerenga bwanji. Anangoloza kumene kunali mpando wa amayi. Kodi munaonapo kuti belu likalira amayamba aonetsa amayi galasi? Ine ndinkati ndi chikondi cha okalamba, kuonetsana zinthu. Amayi ndiwo amawerenga. Bambo amanyamula mabotolo limodzilimodzi, lina analimanga kamphira, lina ulusi, ndipo akafika pa loyenera amayi amagogoda supuni. Amayi ndi maso, bambo ndi manja. Akhala akuchita zimenezi pamaso pathu, ife ana awo ophunzira tili kukamwa yasa, osaona kanthu.

Tsopano ndikayang'ana m'mbuyo, zonse zinali poyera. Anasiya kugula nyuzipepala, amati yadzaza mabodza. Anagulitsa njinga, amati msewu wachuluka madalaivala osaphunzitsidwa. Ankandikalipira ndikasuntha mpando posesa. Akamathira tiyi amapinda chala m'kapu. Ndipo tsiku lija mukutsanzika, pamene anakugwirani masaya ndi manja awiri n'kunena kuti mwanenepa, inu n'kuseka kuti akukuyesani khanda, sikunali kusereula. Ankafuna kudziwa nkhope yanu.

Ndinathamangira kukhitchini kukafufuza m'bini. Ndinakapeza kapulasitiki kaja katapindika, katamatirira masamba a tiyi ndi makoko a mazira. Ndinakatsuka, ndinakaumitsa, koma kanakana kumata. Ine amene ndimawongola makwinya a masuti a anthu ndinalephera kuwongola kanthu kochepa ngati chikhatho. Ndinalira nditaima pasinki, mpopi nditausiya ukutuluka madzi kuti asandimve. Ndinaiwala kuti makutu awo ndi akuthwa kuposa kale. Anandiitana n'kunena kuti madzi ndi odula, misozi ndi yaulere, ndisankhe chimodzi.

Madzulo ake tinakhala atatu patebulo. Ine ndinagwira singano, amayi akuyang'ana, bambo akupapasa. Ndinayala kakale kaja pambali ngati chitsanzo, n'kuyamba kukanda kapulasitiki kanu katsopano, kamene ndinakayala mosamala chotere m'mawa womwewo. Ndikalakwitsa malo amayi ankabuula, ndikalondola ankagogoda supuni. Bambo anati kamtanda kanga ndi kaulesi, ndikuzitse. Titamaliza anayesa, chala chinapeza malo ake, ndipo nkhope yawo inamasuka. Belu lotsatira analizimitsa okha.

Mwina mukufunsa kuti anabisiranji. Yankho lake tonse tikulidziwa. Paja amayi atangotuluka m'chipatala tinakhala pabalaza, inu n'kunena kuti tsiku limene bambo adzalephere kuwasamala, amayi mudzawatengera kwanu kufupi ndi chipatala chachikulu, ndipo bambo adzakhala ndi ine poti kwanuko malo ndi a munthu mmodzi. Munanena mwachikondi, inenso ndinavomera, ndinati ndi nzeru. Bambo anangoti zamveka. Ife tinadzuka n'kuiwala, iwo anasunga mawuwo ngati tsiku la mlandu. Anthu awiri amene sanagonepo nyumba zosiyana chikwatiranirane anamva ana awo akuwagawana ngati mipando.

Titasunga singano anandigwira dzanja. "Usamuuze mlongo wako," anatero. "Iye ndi munthu wabwino, akangomva abwera ndi galimoto. Amayi ako akapita, kumeneko ndani adzadziwe kuti akagogoda kawiri ndiye kuti tiyi watentha? Ndipo ine ndidzadzukira chiyani?"

Ndinayankha kuti ndamva. Sindinati ndalonjeza, ndinangoti ndamva, ndipo mawu amenewa ndi amene ndabisalamo sabata yonseyi.

Lachitatu ndinawakakamiza kupita kwa dokotala wa maso. Anavala tayi ngati akupita kudepoti, ndipo panjira anakana kuti ndiwagwire mkono, anati ndiziyenda patsogolo pang'ono ndizilankhula. Ndinalankhula zopanda mutu njira yonse, za mitengo ya sopo ndi za makasitomala ovuta. Dokotala anati chimene chapita sichibwerera, koma mankhwala odontheza angachedwetse chotsalacho. Anatinso akanabwera msanga zikanakhala zina. Bambo anamuthokoza mwaulemu, n'kumufunsa nthawi zodonthezera kuti tikamuuze kalaliki. Tsopano belu limalirira anthu awiri.

Sindikubisirani, mantha ndili nawo. Tsiku lina amayi adzakhala akusinza belu likulira, kapena kamphira kadzaduka, botolo n'kusokonekera. Ndikudziwa kuti zimenezi ndi zomwe mukuganiza panopa, ndipo simukulakwa. N'chifukwa chake ndauza eni nyumba yanga kuti mwezi ukatha ndituluka. Ndibwerera m'chipinda chakumbuyo chija chimene munkasungamo mawaya ndi mawailesi akufa. Kuntchito kwatalika, ndizidzuka m'mamawa, koma abwana avomera kuti masana ndizithamangira kuno. Sindinakufunseni maganizo, mundikhululukire. Ndaona kuti kukonza zinthu za anthu osawafunsa ndi matenda a m'banja mwathu, koma apa ndinayamba ndawafunsa eni ake. Amayi anagogoda supuni. Bambo anati bola ndisamasunthe mipando.

Tsono pempho langa ndi ili, achimwene, ndipo ndikupempha ndi manja awiri. Musawalekanitse. Mawu aja a pabalaza muwabweze ndi pakamwa panu, iwo akumva. Bwerani msanga, musadikire tchuthi cha kumapeto a chaka, chifukwa kabowo kaja kakuchepa. Musabwere ndi galimoto yodzanyamula munthu. Bwerani ndi alamu ndi ana, makamaka wamng'onoyo amene agogo ake anangomuona ali m'manja. Mudzakhale pafupi ndi zenera pamene pali kuwala, mudzawalole akuyang'aneni mpaka atope. Musadzawafunse kanthu. Akadzafuna adzakuuzani okha, ndipo mudzachite ngati mukumva koyamba.

Timapulasitiki totsala ndasunga m'kabati pamodzi ndi singano. Musatumizenso tina, timeneti tikwana.

Ndikulemba kalatayi patebulo lomwe lija, bambo ali pambali panga. Akuyang'ana pepalali n'kumagwedeza mutu, akuti dzanja langa lakongola masiku ano. Posachedwapa anandiuza kuti ndiwawerengere zimene ndalemba, ndipo ndawawerengera kalata ina, ya juzi ndi nsapato ndi mvula imene yavunditsa denga la kukhitchini. Anati ndalemba bwino. Amayi ali kumbuyo kwanga, akuona mzere uliwonse. Nditafika pa pempho lija ndinatembenuka kuwayang'ana, ndipo anagogoda supuni kamodzi, pang'onopang'ono, kuti bambo asamve.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti juzi ija amayi akukana kuivula ngakhale kutenthe. Ana muwapsompsone. Amayi akupereka moni ndi dzanja lawo lamoyo lija. Bambo akuti moni wawo salembetsa kwa munthu, alemba okha pansipa. Ndawaikira cholembera pamalo oyera, koma chakwera pamwamba pa mawu anga. Muwerenge mofatsa, muwamva.

Ine mlongo wanu wokukondani,
mzime wa m'nyumba muno

Mwana wanga, zikomo chifukwa cha timapulasitiki. Galasi likuwala bwino tsopano, ndikuona zonse. Amayi ako ndikuwasamala, usade nkhawa. Bambo ako.