Goloboyi wa Pemphero

Lolemba, 9 Juni

Kuzizira kwa lero, zala kuuma gwaa. Pa kantemba, kashopu kathu, payenda shuga ndi makadi a mpira basi. Ana a sukulu apenga nawo makadiwa, K5 paketi, aliyense akusaka onyezimira. Osadziwa kuti mulibe. Amuna anga, Bambo a Chipo, akabwera ndi bokosi kuchokera ku holoselo, amakhala pansi n'kumapinda paketi iliyonse ndi zala. Ikalimba ndiye kuti muli khadi lonyezimira. Amalichotsa, n'kukaligulitsa pa foni kwa azibambo a m'maofesi. Ine ndimagulitsa zotsalazo, makoko okhaokha, pa mtengo womwewo. Ndikadandaula, ati malonda ndi m'maso. Maso ati, paketi yomata?

Lachiwiri, 10 Juni

Kwabwera bambo wina wa jekete yong'ambika m'khwapa, a Alfonsi a ku Chipangali. Mwana wawo wamkazi, Pemphero, wagonekedwa m'chipatala chachikulu kuseri kwathuku, bala la pa mwendo lakana mankhwala. Ati mtsikanayo ndiye goloboyi wa timu ya kusukulu kwawo, ngakhale anyamata amamuopa. Ponena zimenezo nkhope yawo kuwala. Makadi ena onse mwanayo ali nawo, lomwe likumusowa ndi la goloboyi, lonyezimira.

Agula paketi imodzi, atsegula pomwepo pang'onopang'ono ngati akusenda dzira. Mulibe. "Mawa, amayi. Mwayi suuza munthu tsiku."

Khadi limenelo lili m'kabati mwathu, pansi pa malaya a kutchalitchi a Bambo a Chipo. Analiika pa K400. A Howard, mnzawo wa m'tauni, adzatenga mwezi ukatha.

Lachitatu, 11 Juni

A Alfonsi abweranso, lero mapaketi awiri. Ndawapatsa ndikuyang'ana kumbali.

Ketilina, uja wa vitumbuwa wa pageti, wandiuza zonse, pakamwa pake sipatseka paja. Bambowo masana sadya. Mtedza anausiya pamunda wosathothola, mbuzi zikungodyerera. Ndipo madokotala anena kuti Lachisanu adula mwendo. Mayo ine! Ati bambowo anamulonjeza mwana kuti asanalowe naye kukadula, goloboyi adzakhala ali m'manja mwake.

Madzulo ndawayamba Bambo a Chipo. Ndati tiwapatse khadilo. Ati, "Loveness, tinatsegula tchalitchi kapena shopu? Tili pageti la chipatala, aliyense wodutsa apa ali ndi wodwala. Fizi ya Chipo ukalipira ndi chifundo?" Ndati chabwino, ndiye mapaketi opanda kanthuwa tiwatsitse, akhale K2, poti ndiwo mtengo wake weniweni. Aseka mpaka kutsokomola. Ati ukatsitsa afunsa chifukwa, uyankha kuti chiyani?

Chondinyansa n'chakuti za fiziyo sakunama. Ndipo ndalama za makadiwa nanenso ndadyako, sindingadziyeretse. Komabe mtima ukundiwawa, ndakwiya, kaya ndakwiyira iwo kaya ine ndemwe.

Lachinayi, 12 Juni

Ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi sindinaimbe nawo nyimbo. Amayi busa afunsa ngati ndadwala. Ndati chimfine.

Pobwera ndapeza Bambo a Chipo apita ku holoselo. Ndatenga khadi m'kabati, ndacheka paketi imodzi ndi lezala, ndalowetsa, ndamata ndi kandulo monga ndimatira timapepala ta shuga. M'mphepete mwada pang'ono, koma ndani ayang'ane? Likatuluka m'paketi lioneka ngati mwayi, palibe afunse kuti lachokera kuti. Za kabati tidzakangana pambuyo. Andimenye ndi mawu, ndinazolowera.

Lachisanu, 13 Juni

Sindikudziwa poyambira.

A Alfonsi afika m'mamawa, ana a sukulu ali mbwee pawindo, Bambo a Chipo ali pa kireti pakhomo akumwa tiyi. A Alfonsi ati mwana alowa naye kukadula teni koloko. Apereka K5, ine ndatulutsa paketi yanga ija. Aitembenuza. Ayendetsa chala m'mphepete. Mpaka kuinunkhiza! N'kundibwezera.

"Iyi ayi, amayi. Yapita pa moto iyi."

Ndati tengani bambo, ndi yabwino.

Ati chaka chatha anagula mbewu ya chimanga pamsika, thumba lomata chonchi. Inali chimanga cha m'nkhokwe chopaka utoto, munda wonse unabereka manyazi. Kuyambira pamenepo chomata ndi kandulo sagula. "Sindikuti ndinu, amayi, mwina akuberani ku holoselo. Ndipatseni ina."

Akundikhululukira ine! Ndati tengani iyi, ndikukupemphani. Bambo a Chipo aika kapu pansi. A Alfonsi atambasula dzanja, asankha okha ina m'bokosi. Atsegula. Mulibe, angamupeze kuti. Aima kanthawi akuyang'ana timakadito, kenako atiika m'thumba la jekete, atembenuka kuti azipita kwa mwana chimanjamanja.

Sindinaganize. Ndang'amba paketi ija pamaso pa onse, goloboyi wagwera pathebulo, ng'aning'ani. Ana akuwa.

A Alfonsi si mwana. Ayang'ana khadi, ayang'ana bokosi, ayang'ana ine.

"Munadziwa bwanji kuti lili umu?"

Ndati ndinaliikamo ndine.

"Ndiye enawa mulibe?"

Mulibe.

"Ndi aja ndakhala ndikugula aja, munkadziwa?"

Bambo a Chipo ayamba zoti mdala tamverani, bizinesi imayenda motere. A Alfonsi sanawacheukire n'komwe, maso ali pa ine. Ndati ee, ndinkadziwa.

Ndikanakonda anditukwane. Apisa m'thumba, atulutsa makobili, awerengera pathebulo mpaka K5. Ndati ayi bambo, tengani ulele. Ati, "Sindinabwere kudzapempha. Paketi ndi K5, si choncho?" Atola khadi, apita chothamanga.

Ana amwazika osagula kanthu. Wina wakuwa ali kumsewu kuti akuba. Pofika masana nkhani inali itafika kale kwa Ketilina, ndiye kuti tauni yonse yamva. A Howard aimba foni kawiri, Bambo a Chipo sanayankhe. Kwa ine anena mawu amodzi okha: "Wakhuta?" Bokosi la makadi alinyamula, kaya apita nalo kuti.

Loweruka, 14 Juni

Kantemba sindinatsegule. M'nyumba sitikulankhulana, Chipo akungotiyang'ana.

Lamulungu, 15 Juni

Titaweruka ku tchalitchi ndagula vitumbuwa ndi malalanje, ndapita ku wodi ya ana. Namwino wandilozera bedi la kukona. Pemphero ndamuona ndili pakhomo. Kamtsikana kakatali, kowonda, mapewa otambalala. Bulangeti latukuka mbali imodzi, mbali inayo kuyambira pa bondo lagona pansi fulati. Khadi lili m'manja, akuonetsa mnzake wa bedi loyandikana, akuseka ndi milomo youma.

A Alfonsi andiona. Adzuka msanga, abwera kudzaima pakhomo, kunditsekera njira. Andipatsa moni bwinobwino, mwaulemu, ngati mlendo. Kenako motsitsa mawu:

"Ndinamuuza kuti ndinalipeza mwamwayi, m'paketi yomaliza. Akuti ndiye kuti Mulungu sanamuiwale. Musalowe, amayi."

Ndawapatsira pepala la vitumbuwa. Manja awo anali kumbuyo, sanawasunthe.

Ndabwerera nalo. Lili pathebulo apa, mafuta ayamba kudontha.