Manachesi a M'madengu a Bambo

Shitangwan,
14 Januwale 2024

Okondedwa achimwene Guangyao,

Mundikhululukire malembedwe angawa. Mukudziwa kuti sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi, ndipo chiyambire kugwira foni dzanja langa laiwala cholembera. Pamene ndafufutapo musavutike kuwerenga. Mwina mukudabwa kuti ndalemberanji kalata pamene timalankhulana Lamlungu lililonse. N'chifukwa choti mukaimba, Bambo amakhala pambali pomwepo, khutu lili tcheru, ndiye pakamwa panga pamangotuluka zabwino zokhazokha.

Kuno kwazizira kwambiri. Nkhumba tipha sabata yamawa. Denga la kukhitchini lija likudonthabe, koma pang'ono. Ndikuzungulira dala, achimwene. Nkhani ndi ya madengu, ndi ya ndalama ya maso a Bambo.

Mukukumbuka mmene Bambo analili Amayi atamwalira. Chaka chathunthu ankangokhala pakhomo kuyang'ana phiri, mpeni wawo wong'ambira nsungwi mpaka kuchita dzimbiri. Tsiku lina Yufen, mnzanga uja amagulitsa ndiwo za m'mabotolo pamsika wa pafoni, anapeza mphaka wathu atagona m'dengu lakale. Anati, "Iwe Shuilan, ukugonera ndalama. Anthu a m'tauni amagulira amphaka awo madengu otere."

Bambo anamva. Anati, "Mphaka kugona m'dengu logula? Nanga mwini wakeyo amagona kuti, m'khola?"

Komabe analuka limodzi, kungofuna kumutsutsa Yufen. Ine ndinalijambula n'kuliika pamsikapo. Foni italira kuti lagulidwa, Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira pamaliro paja sindinawamvepo akuseka. Mawa lake anakwera phiri kukadula nsungwi.

Kulakwa kwanga kunayambira pa sikelo. Ndinaika dengu pa sikelo yathu ya kukhitchini, silinakwane ndi kilo yomwe. Yufen anali atandiuza kuti masiku ano munthu sagula chinthu ngati palibe mawu oti kutumiza n'kwaulere. Ndinati chinthu chopepuka chonchi n'chiyani, ndilipira ndine. Ndinalemba mtengo wa 39 yuan, kutumiza kwaulere. Yufen sanalakwe, zake ndi timabotolo ting'onoting'ono.

Nditapita nalo kwa a Pei, amene amanyamula katundu kuno, sanaliike n'komwe pa sikelo. Anatulutsa tepi n'kuyamba kuyeza katoni, m'litali, m'lifupi ndi msinkhu.

Ndinati, "A Pei, mukulisokera malaya?"

Anati, "Mlongo, chinthu chachikulu chopepuka sitiwerengera makilo, timawerengera malo. Dengu lakoli likhala m'galimoto ngati munthu wonenepa."

"Koma mkatimu muli mpweya wokhawokha."

"Mpweyawo ndiye ukulipira. 24 yuan."

Ndinayamba kuwerengera mumtima. Katoni ndinali nditagula 5. Eni msika amadulapo zawo ndalama isanandifike. Palinso ina yolipiriratu poopa kuti wogula angabweze katundu. Ndikanangosiya tsiku lomwelo. Koma nditafika kunyumba ndinapeza Bambo atang'amba kale nsungwi za madengu asanu, akuimba nyimbo ija ankaimba pobwera kumunda. Anandifunsa kuti apeza zingati. Pakamwa panga panatuluka 20. Sindikudziwa kumene inachokera.

Musaganize kuti sindinayese kukonza. Ndinakweza mtengo kufika 59. Pamsikapo pali madengu a m'mafakitale a 25, ndiye langa linamira pansi, palibe analionanso. Foni inakhala chete sabata yonse. Bambo anabwerera pampando wawo wa pakhomo, n'kumandifunsa, "Kodi foniyo yafa? Taigwedeza." Ndinabwezera mtengo wakale. Kuti chithunzi chikwerenso pamwamba eni msika anati ndizilipira ina tsiku ndi tsiku, ndinalipira. Tsopano dengu likagulidwa, pa 39 ija imanditsalira yuan imodzi, mwina ziwiri. Kenako ndimapatsa Bambo 20 yawo. Foni ikalira Bambo amasangalala, ine ndimawerengera imene ndaluza.

Ndiye kunabwera manachesi. Atayamba kupsa mumtengo wa Amayi uja, Bambo analamula kuti dengu lililonse lizipita ndi manachesi atatu. Ndinakana. Anati, "Unaona liti amayi ako akupatsa munthu dengu lopanda kanthu? Ukufuna anthu a ku Shanghai aziti kwathu kuno kwa a Teng kulibe mwambo?" A Pei anati manachesiwo ayenda ulere popeza malo ndalipira kale. Ndinaganiza kuti kamodzi kokha ndapeza chaulere.

Sindinaganizire za kuzizira kwa kumpoto. Manachesi opita ku Harbin ankauma ndi chisanu m'njira, akalowa m'nyumba yofunda n'kusungunuka, madzi ake n'kudetsa dengu. Anthu anayamba kubweza. Vuto likakhala la wogulitsa, ulendo wobwerera amalipira ndi wogulitsa, ndipo ndalama yolipiriratu ija sikwana pa katoni yaikulu chotere. Mayi wina anandipatsa nyenyezi imodzi yokha mwa zisanu pamsikapo n'kulemba kuti, "Ndinagula dengu, osati dzala." Ndinalira m'bafa kuti Bambo asamve.

Ena anabweza pa chifukwa china, chimene chikundiwawa kulemba. M'madengu ena muli nsungwi za mawanga akuda, zoyamba kuwola. Kale Bambo akanaitaya nsungwi yotere asanaigwire n'komwe. Pano sakuiona. Ng'ala ija yakula, achimwene. Akuluka ndi zala zokha.

Madengu obwerera ndinkakawatenga ndekha kwa a Pei n'kukawabisa pansanja ya pamwamba pa khola la nkhumba, poti Bambo sakwerako. Manachesi ndinayamba kuwachotsa ndisanatseke katoni, n'kuwasiya kwa a Pei komweko. Iwo amandiseka, "Wandibweretseranso chakudya chamasana? Mkazi wanga akuti ndayamba kuoneka wachikasu." Tsiku lina sanaseke. Anati, "Mlongo, ine ndimakondwa ukabwera, ndi malonda anga. Koma pa mudzi uno amene akulemera ndi madengu a bambo ako ndine ndekha. Ukudziwa zimenezo?" Ndinati ndikudziwa.

Choipa kwambiri ndi ichi. Tikamadya, Bambo amandifunsa kuti anthu akuti bwanji za manachesi. Ine ndimatenga foni n'kumachita ngati ndikuwerenga. Ndimapeka. Ndinapeka agogo a ku Nanjing amene akuti kukoma kwake kwawakumbutsa kwawo. Ndinapeka mwana amene anakana kugawira mng'ono wake. Bambo amagwedeza mutu n'kunena kuti, "Mtengo umenewo anabzala ndi amayi ako." Ndanamiza munthu amene sangathe kuona yekha zimene zalembedwa.

Pofika pano mwadziwa kale kumene ndinkatenga ndalama. Ndi pa 8,000 ija munatumiza inu ndi alamu anga ya opaleshoni ya maso. Poyamba ndinatengapo 100, ndikuti ndibweza malonda akayenda. Malonda anayendadi, ndiye vuto lake. Lero yatsala 2,900. Sindinagulepo nsalu, sindinagulepo nsapato. Sindikunena izi kuti ndidziyeretse. Ndikudziwa kuti ndalamayo munaipeza mukuimirira pamakina mpaka miyendo kutupa, ndiponso kuti alamu analeka za mano awo kuti ikwane. Adokotala a ku chipatala cha boma anatipatsa tsiku la 26 Febuluwale, chikondwerero chathu cha Chaka Chatsopano cha mu Febuluwale chikatha. Ananena kuti diso lakumanzere lisadikirenso.

Lachinayi lapitali ndinapita kumsika kukagula mchere wa nyama. Pobwera ndinapeza makwerero atatsamira pakhola. Bambo anali atakwera okha kukafuna ngowe zopachikira nyama, ndi maso amenewo. Anali atakhala pabwalo, madengu onse obwerera atawandandalika patsogolo pawo, limodzi lili pamiyendo. Ndinangoima ndi mchere m'manja.

Sanakalipe. Ankalisisita dengulo ndi zala. Anati, "Ili ndinaliluka tsiku lija nkhumba inathawa. Mkombero wake ndikuudziwa. Unati linapita ku Harbin."

Ndinati, "Linapita, Bambo."

"Ndiye silinakondeko."

Ndinaika mchere uja pansi. Kenako Bambo anati, "Tabwera kuno. Undionetse pamene pada. Ine sindikupaona."

Achimwene, inu mukuwadziwa Bambo. Kwa adokotala anakana, anati amaona ngakhale nyerere ili patsidya pa mtsinje. Tsiku limenelo ndi limene anavomera ndi pakamwa pawo. Ndinagwira chala chawo n'kuchiika pa banga lililonse, iwo n'kumasolola nsungwi yowolayo, kulowetsa yatsopano. Tinakonza madengu anayi. Tili pa dengu lachisanu anafunsa, "Ulendo wake wobwerera analipira ndani?"

Ndinati, "Eni msika, Bambo."

Ndinanamanso, chala chawo chili m'dzanja langa. Anangoti, "Anthu abwino," n'kupitiriza.

M'mawa mwake ndinapeza dengu limodzi lokonzedwa lija lili pakhomo la chipinda changa. Mkati munali nachesi limodzi ndi kachitini kawo ka fodya. M'kachitinimo munali ndalama zopindapinda, za 20 zokhazokha, zomwe zija ndinkawapatsa. Zina anagulira anzawo fodya, zina anapentera mwala wa pamanda a Amayi. Zotsalazo zakwana 1,300. Nditatuluka ndinawapeza akunola mpeni. Ndinati, "Bambo, izi n'chiyani?" Anati, "Ndakupatsa dengu. Ukanafuna ndikupatse lopanda kanthu?" Za kachitinika sananenenso china mpaka lero, inenso sindinafunse. Sindikudziwa ngati azindikira za ndalama ya maso, kapena akungoganiza kuti ndinaluza pa madengu obwerera okha. Kachitiniko kali pansi pa pilo. Ndi ndalama yanu yomwe, yangozungulira nyumba n'kubwerera kwa ine, koma ndikuopa kuigwira.

Ndikupemphani zinthu ziwiri. Mukaimba Lamlungu musasinthe mawu, Bambo amamva msanga. Mungoti, "Kalata ndalandira," ine ndidziwa kuti mwawerenga. Zondikalipira mundisungire, mudzandikalipire maso ndi maso mukabwera ku chikondwerero, ndidzaima n'kumvetsera zonse. Chachiwiri, alamu anga ndikufuna ndiwauze ndekha. Koma ngati mukuona kuti n'kulakwa kuwabisira, auzeni. Sindingakuphunzitseninso kubisa.

Mundiperekere moni kwa alamuwo, muwauze kuti nyama yawo ya m'nthiti ndidzawasungira monga mwa masiku onse, ngati adzafune kudya za m'manja mwanga. Moni kwa mwana wanu Doudou. Agogo ake amulukira kadengu koikamo mabuku, ndakayang'ana mbali zonse, kalibe banga. Yufen akupereka moni, sakudziwa kanthu. Bambo andiona ndikulemba, afunsa kuti ndikulembera ndani. Ndawauza zoona. Akuti ndikuuzeni kuti musamagwire ntchito maola owonjezera chifukwa cha iwo, maso awo ali bwino, akuona zonse. Anena zimenezi akuyang'ana kumene kuli kabati, poganiza kuti ndakhala kumeneko.

Pa ndalama ya opaleshoni pakusowa 5,100, kapena 3,800 ndikatsegula kachitini. Ku chipatala sindinaimbe kuti asinthe tsiku. Dzulo sitolo ina ya zinthu za amphaka ku Hangzhou yaitanitsa madengu makumi atatu pa mtengo womwe uja, kutumiza kwaulere. Sindinavomere, sindinakane. Bambo anamva foni ikulira, ndipo nsungwi adula kale.

Ndine mlongo wanu,
Shuilan