Mabotolo a Padenga ndi Ulendo wa Tereza

Amayi, pepani kuti ndikukusokonezani pamene mukupuma. Kodi muli bwanji kumeneko?

Kuno ku Nsaru tilipo. Mtedza takumba, koma wina wavunda ndi mvula yochedwa. Mkazi wa Yosefe wachira, mwana wamwamuna. Mbuzi yanu yakuda ija yaswa awiri. Ndayamba ndi zimenezi kuti mtima ukhale pansi, koma sukukhala.

Nkhani ndi ya Tereza, mdzukulu wanu amene munamupatsa dzina lanu. Sukulu ina yakunja yamuitana kuti akapitirize maphunziro. Ndinamufunsa katatu zimene akukachita, ndipo ndinalemba pakapepala kuti ndisakunamizeni. Akuti m'dzuwa muli kuwala kwina kosaoneka ndi maso, kumene kumapha tizilombo m'madzi. Kukachita mitambo, kuwalako kumachepa. Ndiye kusukuluko akuyesa mankhwala onga utoto, amene amatenga kuwala wamba, ngati kwa babu, n'kuphatikiza tizigawo tiwiri tofooka kukhala kamodzi kamphamvu, ka mtundu wosaoneka uja.

Amayi, ine ndikudziwa chimene chikumutengera kumeneko. Ndi mabotolo a madzi akumwa aja tinkayanika padenga. Munkati, "Kukachita mitambo akhale masiku awiri, iwe Agnesi, usamapupulume." Sabata ija munadwala kunali mitambo, koma ndinatsitsa patangotha tsiku limodzi. Munamwa, m'mimba munayamba, kuchipatala ku Namitete tinafika mochedwa. Adokotala anati palibe angadziwe ngati anali madziwo. Koma ine sindinaiwale. Tereza anandiona ndikutsitsa, ndipo mpaka lero sananenepo kanthu.

Vuto ndi ili. Ndege yake ikunyamuka kutatsala sabata imodzi kuti titsegule chiliza chanu. Atsibweni, alongo anu aja, akuti wotenga dzina lanu sangasowe pamanda, akapita mudzakwiya. Tsiku silingasinthe, abambo mfumu tinapangana nawo kale, abale a ku Msundwe anauzidwa. Tereza akuti achita zimene ine ndinene. Ineyo ndikungozungulira pakhomo. Dzulo ndinasesa pabwalo kawiri, tiyi ndinathiramo mchere.

Sukuluyo ikufuna yankho Lachisanu. Chonde, Amayi, ndiyankheni lisanadutse Lachinayi, kaya m'maloto, kaya mwa njira imene mukuidziwa inuyo. Mukakhala chete ndimulola apite, ndipo ngati pali mkwiyo ugwere ine, osati mwana.

Mabotolo ali padenga pano ndikulemba, ndipo kuli mitambo. Ndikulonjeza kuti sindiwakhudza mpaka mkuja.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Agnesi